Mtengo wa mango wagwa ndi mphepo, ndingachekemo matabwa ndi sowo wamba?

Wa_ku_Senga: Moni nonse. Ndili kuno ku Salima cha ku Senga Bay, mphepo ya sabata yatha yagwetsa mtengo wa mango umene anadzala agogo anga, thunthu lake anthu awiri kugwirana manja ndiye kulizungulira. Anthu ayamba kale kubwera akuti tiwotche makala koma ine mtima ukukana, ndikufuna ndipangemo tebulo ndi benchi zoti ana adzikhalira powerenga. Palinso mitanda ya mbawa yomwe tinachotsa pa nyumba yakale titasintha denga. Zida ndili nazo ndi sowo ya manja, pulena imodzi, nkhwangwa, kasemasema ndi hamala basi, magetsi kulibe. Zingatheke kapena ndingotaya nthawi?

Kalipentala_Dwangwa: Achimwene zitheka koma sowo ya manjayo pa thunthu limenelo iwalani, mutha mwezi thabwa limodzi lisanatuluke. Funsani kumudzi konko, sipalephera madala amene ali ndi sowo yaikulu ya anthu awiri ija, mubwereke kapena mugawane matabwa. Dulani thunthu mzidutswa za mamita awiri, semani mbali ziwiri ndi nkhwangwa kuti likhazikike, kenako mukumbe dzenje mugoneke mitengo iwiri yolimba pamwamba nkugubuduzirapo thunthulo, wina pamwamba wina mdzenje. Mzere timalemba ndi chingwe chonyika mmakala osinja osakaniza ndi madzi, kuchikoka nkuchisiya chimenye, ndipo mulembe pamwamba ndi pansi pomwe apo ayi thabwa lituluka uku lonenepa uku lowonda. Sowo ikayamba kupanidwa khomerani kamtengo kosongola mu mng'alumo. Chekani mokulirapo pang'ono kuposa mmene mukufunira chifukwa likauma limabwerera ndiye pulena idyanso pake.

Mai_a_Tadala: Ine sindine kalipentala koma amuna anga anachita zomwezi ndi mango athu ku Chipoka, anakhoma tebulo matabwa adakali aawisi chifukwa cha changu, miyezi iwiri tebulo linapindika mbale ya ndiwo imachita kutsetsereka, kenako tizilombo tinayamba kutulutsa ufa pansi tsiku ndi tsiku mpaka tinangolisonkhera moto. Zinandiwawa kwambiri chifukwa mtengowo unali wa apongozi. Chonde musathamange.

Kalipentala_Dwangwa: Amayi anena zoona, mango ndi okoma kwa anankafumbwe makamaka mbali yoyera ya kukhungwa, imeneyo muichotseretu ndipo musalisiye thunthu pansi nthawi yaitali lichekeni msanga lisanayambe mawanga akuda. Mukacheka sanjani pa mthunzi podutsa mphepo, pansi muyale njerwa kuopa chiswe, pakati pa thabwa ndi thabwa muike timitengo touma tofanana kukula tolunjikana kuyambira pansi mpaka pamwamba, pamwamba mutsendere ndi miyala. Kumapeto kwa matabwa pakani penti yotsala kuti asang'ambike. Dzuwa la Salima lija la mu Okutobala mukawaika poyera ang'aluka sabata isanathe. Ine a inchi imodzi ndimawasiya miyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirira, ndimanyamula thabwa limodzi lomwelo mwezi ndi mwezi, likasiya kupepuka ndiye ndimadziwa kuti lafika.

Mdala_wa_pa_Benga: Mwana wanga, nonse mukukamba za mango koma chuma chili pa mbawayo. Mbawa youma zaka zonsezo masiku ano simuipezanso chisawawa, ndipo imeneyo sowo yanu ya manja ikwanitsa, miyendo ya tebulo ndi felemu zichokere pamenepo mango akhale a pamwamba. Koma misomali! Tengani maginito a mu sipika ya wailesi yakufa muyendetse pa mtanda onse, paliponse pali banga lakuda pali chitsulo chodukira mkati, kumbani ndi tchizulo muzule. Tsukaninso mchenga ndi burashi musanaike pulena, mchenga wa kunyanja kuno umabunthitsa mpeni kuposa mtengo. Komanso matabwa a mbawa mukafuna kuwanyamula pa msewu kaonaneni kaye ndi a Forestry, pa rodibuloko safunsa kuti inali ya nyumba ya agogo, amafuna pepala.

Wa_ku_Senga: Zikomo kwambiri akuluakulu. Maginito ndayesa madzulo ano pa mtanda umodzi ndazula misomali 11, ina inali yosaoneka nkomwe. Sowo yaikulu ndamva kuti ilipo kwa madala ena ku Lifuwu ndipitako Loweruka. Funso lina, tupa yonolera mano a sowo imeneyo ndi yomweyi ya makona atatu kapena ndigule ina pa Kamuzu Road?