Makoswe omwa mankhwala a BP akuti mtima suonongeka kwambiri, nanga ife?

Nachisale88:
Abale ndithandizeni. Ndaona pa intaneti kuti makoswe amene anawapatsa captopril, mankhwala a BP, asanadwale heart attack mtima wawo sunaonongeke kwambiri kusiyana ndi anzawo osamwa. Bambo anga amamwa enalapril ya BP, ya gulu limodzi ndi captopril, ndiye kuti iwowo ndi otetezeka? Ineyo BP ndilibe koma ndingamamweko pang'ono?

Chimz_labu:
Achemwali musayerekeze kumwa mapilisi a bambo, BP itsika muzingomva chizungulire, ndipo ngati muli oyembekezera mankhwala amenewo amavulaza mwana. Mmene amachitira ku labu ndi chonchi, khoswe amamupatsa mankhwala kaye, kenako amamugoneka nkumanga mtsempha wa pamtima ndi ulusi mwina mphindi 30 basi nkumasula, pambuyo pake amadula mtimawo tizidutswa nkuviika mu mankhwala osintha mtundu otchedwa TTC, mbali yamoyo imafiira yakufa imatuwa, ndiye amayeza yotuwayo. Vuto ndi loti wa kafukufuku amadziwa ola lomwe heart attack ichitike poti akuipanga yekha, komanso khosweyo ndi wamng'ono alibe shuga, sasuta, mitsempha ili mbee. Bambo anu si choncho.

Mai_Tada:
Chimz akunena zoona. Onani za metoprolol, mankhwala ena a mtima ndi BP. Borja Ibáñez ndi anzake anaiyesa pa nkhumba mu 2007 zinayenda bwino, ku Spain anaiyesa pa anthu mu kafukufuku wa METOCARD-CNIC 2013, makina ojambula m'thupi a MRI anaonetsa kuti mbali yakufa ya mtima yachepa, aliyense kusangalala. Kenako kafukufuku wina wa EARLY-BAMI 2016 ndi anthu ambiri kuposa apo sanapeze kusiyana. Ndiye ine ndikamva "pa makoswe" ndimayamba ndadikira.

Kondwa_Joni:
Komatu musanyoze makoswe kwambiri amayi. Marc ndi Janice Pfeffer 1985 anapatsa captopril makoswe omwe anadwala kale heart attack ndipo anakhala moyo nthawi yaitali, ndi zomwe zinabala kafukufuku wa SAVE 1992 pa anthu oposa 2,000, imfa zinatsika ndi 19%. Kungoti apo mankhwala anabwera matenda atachitika kale, phindu linali loti mtima usatambasuke nkufooka, osati kumwa pasadakhale ayi.

Chimz_labu:
Eya ndendende. Achemwali bambo apitirize kumwa tsiku lililonse, kutsitsa BP pakokha kumachepetsa chiopsezo cha sitiroko ndi heart attack. Akayamba kachifuwa kouma kosatha asasiye okha, akauze adokotala, enalapril imachita zimenezo ndipo amatha kuwasinthira losartan.

Nachisale88:
Iii kachifuwako ali nako kale, timangoti ndi fumbi. Ndipita nawo ku kiliniki Lachiwiri.