Otsokomola achuluka ku OPD (koonera odwala osagonekedwa), lipoti ndilembe chiyani?

Nesi wa ku OPD: Anzanga, ndithandizeni nzeru. Chisiyireni anthu kuvala masiki, benchi yathu ndi chifuwa chokhachokha. Abwana akufuna lipoti Lachisanu, ati ndinene ngati Covid yabweranso. Koma oyezedwa ndi owerengeka, ambiri akukana, ati zimenezo zidatha kale.

Clinical officer: Asisi, nambala ya opezeka ndi kachilombo musaidalire. Mukayeza ochepa mupeza ochepa, basi. Werengani ogonekedwa omwe akufunika okosijeni, sabata ndi sabata. Munthu amakana kuyezedwa m'mphuno, koma akamabanika sakana bedi. Musiyanitsenso: wina wagona ndi chibayo cha Covid, wina wabwera ndi shuga kapena wathyoka mwendo, kachilomboko tangomupeza nako. Mukawaphatikiza muopseza anthu pachabe.

Sister wa ku wodi ya amuna: Zoona, koma wodi imadziwa mochedwa. Mu Julayi 2021, nthawi ya Covid ya mtundu wa Delta, OPD idadzaza ife tili phee. Patangotha masabata awiri masilinda a okosijeni ankatithera usiku. Mtundu wa Omicron wa mu Disembala chaka chomwecho udagwira anthu ambirimbiri, ofuna okosijeni ochepa. Ndiye mwana wanga, chifuwa cha pa benchi pachokha sichinena kanthu, komanso musachinyoze. Ndipo ino ndi Juni. Mzuzu ikazizira chonchi, mawindo a minibasi onse otseka, chimfine sichilephera. Tengani kaundula wa Juni watha mufananize.

Wa ku labu: Olembetsa chifuwa cha masabata awiri nditumizireni makhololo, makina oyezera TB a GeneXpert alipo. Tisatanganidwe ndi Covid TB ikutidutsa pakhomo.

Nesi wa ku OPD: Nanga okana masiki? Dzulo bambo wina wandiuza kuti bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidathetsa mliri.

Clinical officer: Pa 5 Meyi 2023 WHO idangoti Covid sinalinso vuto ladzidzidzi la dziko lonse, sidati kachilombo katha. Koma musalimbane ndi benchi yonse. Masiki apatseni otsokomola okha, akhale pakhonde podutsa mphepo, muwaone msanga. Agogo ndi a shuga akhale mbali ina.

Sister wa ku wodi ya amuna: Ine ndiuza a ku stolo awerenge masilinda odzaza lero lomwe. Manambala a wodi yanga mubwere mudzatenge mawa tikatha raundi.

Nesi wa ku OPD: Zikomo a Sister. Ndilemba mizere itatu: otsokomola, ogonekedwa, a pa okosijeni, chaka chino ndi chatha. Kiyi wa kabati ya makaundula akale ali ndi ndani?