Ana akulakatula Shakespeare ngati matebulo

Madamu a ku Zomba: Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kalabu ya zisudzo ya ana a Sitandade 5 ndi 6. Ndinawapatsa mizere 14 yotsegulira sewero la William Shakespeare la Romeo and Juliet kuti akaloweze kunyumba. Aloweza ndithu, koma akulakatula ngati matebulo a masamu, maso ali kudenga. Kamtsikana kena kanalira Lolemba. Akuti mayi ake amakakhazika pamkeka usiku ndi tochi, koma Chingerezi chimawavuta, ndiye mwana akakakamira amangomukalipira. Zandipweteka mtima.

Aphunzitsi a ku Dedza: Madamu, mwawasenzetsa katundu wolemera. Shakespeare anamwalira mu 1616, Chingerezi chake chimawavuta ngakhale ana a ku London. Mizere imeneyo ndi yaitali, uliwonse uli ndi maphatikizo 10. Kodi nkhaniyo munawafotokozera musanawapatse pepala?

Madamu a ku Zomba: Mwachidule chabe, komanso m'Chingerezi.

Aphunzitsi a ku Dedza: Yambirani pomwepo. Ikambeni m'Chichewa ngati nthano, inu muziti "Padangokhala", iwo aziti "Tili tonse". Mwana akadziwa amene wakwiya ndi chimene chamukwiyitsa, mawu amakhala ndi pogwira. Ngakhale kwawoko, Charles ndi Mary Lamb anasandutsa masewerowa nthano za ana mu 1807. Kenako apatseni mawu a afiti atatu a mu sewero la Macbeth. Mizere yake ndi yaifupi, imagunda kanayi ndipo imathera mofanana. Anga ndinawapatsa mphika ndi mthiko, akuzungulira uku akuomba m'manja. Pofika Lachisanu anali akuimba okha pa buleki.

Madamu a ku Kasungu: Za mthikozo nzabwino, koma afitiwo ine ayi. Ndinayesapo, mawa lake bambo wina anafika kwa ahedi kudzafunsa chimene tikuphunzitsa mwana wawo. Sindiwanena, kholo lili ndi ufulu wodandaula pamene mwana akubwerezabwereza zoterozo pakhomo. Macbeth adzakumana naye akakula. Kwa ang'onoang'ono tengani A Midsummer Night's Dream, koyambirira kwa gawo lachiwiri (Act 2), pamene kamzimu kakuuza kamzimu kanzake kotchedwa Puck za maulendo ake m'mapiri ndi m'zigwa. Ana amathamanga bwalo lonse akunena mawuwo.

Koma ine chandikhudza ndi mayi aja. Musawasandutse mphunzitsi wa Chingerezi, simungawathe. Jambulani mawu anu pa WhatsApp, mizere iwiri yokha, pang'onopang'ono, kenako tanthauzo lake m'Chichewa. Ntchito ya mayi ikhale kuyatsa foniyo akamaphika ndi kuonerera mwana akamachita sewero. Pepala lisamapite kunyumba sabata yoyamba. Masewerowa analembedwa kuti anthu azimva ndi makutu.

Madamu a ku Zomba: Nanga makolo opanda foni ya WhatsApp? Ndi ambiri ndithu.

Madamu a ku Kasungu: Aphatikizeni awiriawiri ana oyandikana nyumba. Wina anene mzere woyamba, mnzake ayankhe wachiwiri, akubwerera kwawo kapena ali pamjigo.

Madamu a ku Zomba: Zikomo nonse. Mizere 14 ija ndaichotsa. Mawa ndiyamba ndi nthano, ndipo Loweruka ndipita ndekha kukaonana ndi mayi a mwana uja kuti ndikawapepese, chifukwa katunduyo ndinawasenzetsa ndine.