Mowawu ukununkha ngati khola, wawonongeka kapena ndi mmene umakhalira?

Chikondi_Leeds:
Abale ndithandizeni pa izi. Loweruka ndinagula mabotolo awiri a mowa kwa anthu ena ophika pang'onopang'ono kuno ku Leeds, limodzi mapaundi 14, anandiuza kuti ndi wophika mwa chi Belgium, unakhala chaka chathunthu mu mgolo wa thabwa omwe kale munali vinyo, anathiramo hops wambiri (timaluwa towawitsa mowa ndi kuupatsa fungo) komanso yisiti wamtchire yemwe pa botolopo alemba kuti Brett. Ndiye dzulo ndatsekula limodzi, thovu linabwera mwamphamvu mpaka kutayikira pa tebulo, nditanunkhiza eee fungo loyamba linali la khola ndithu, ngati chikumba chonyowa, kumbuyo kwake kukubwera ka chinanazi ndi ka ndimu. Mkamwa si wotsekemera olo pang'ono, ukuwawasa pang'ono kenako kuwawa, ukameza pakhosi pamauma gwa. Sindinamalize, ndinachita mantha. Ndikabweze linalo kapena ndi choncho? Zandipweteka coz ndinagulira bambo a mkazi wanga akubwera sabata ya mawa ndipo sindikufuna kuwapatsa chinthu chowola.

Angoni_a_ku_Brussels:
Achimwene musabweze chonde, mowa wanu ulibe vuto. Fungo la kholalo ndi la Brett yemweyo, dzina lonse ndi Brettanomyces, ndipo kuno anthu amalifuna dala. Yisiti wamba amadya shuga wofewa masabata awiri atatu n'kugona, koma Brett samagona msanga, amapitiliza miyezi ndi miyezi kudya shuga wolimba yemwe mnzakeyo anasiya, nchifukwa chake simunamve kutsekemera ndipo thovu linachuluka, iye akugwirabe ntchito mu botolomo. Amakonda kukhala m'timing'alu ta thabwa la mgolo, akalowamo kumuchotsa ndi ntchito, ndiye opanga vinyo ambiri amadana naye kwambiri.

Ngati mukufuna kumudziwa bwino gulani Orval, umapezeka ku UK konko. Amaphika ku nyumba ya amonke kummwera kwa Belgium kuyambira 1931, mphamvu yake 6.2%, uwowo sukhala mu mgolo wa thabwa ayi koma amathira hops wouma mowa utapsa kale ndiye Brett amalowamonso. Pa lebulo amalemba tsiku lomwe anathira mu botolo. Mugule la miyezi itatu ndi lina loti latha chaka ndi theka, mumwe tsiku limodzi, mudzadabwa kuti ndi mowa umodzi. Latsopanolo mumamva hops, masamba masamba ndi kuwawa, lakalelo hops anazilala kwatsala chikumba chija ndi kuuma. Ine botolo langa loyamba ndinakwinya nkhope ngati inuyo, pano ndimasunga angapo pansi pa masitepe kudikira akule.

Nabanda77:
Ine nditawerenga ndakumbuka agogo anga ku Ntcheu. Iwo masese akamaphika sankagula yisiti ku golosale, chimera, ufa, madzi, mbiya yakale ija yosatsukidwa ndi sopo, basi mowa umadzuka wokha pakapita masiku. Mbiya yatsopano ankati siyipsetsa bwino. Ndiye mukamati mgolo wakale uli ndi tizilombo take ine sizikundidabwitsa, ndipo kuwawasako lilime lathu limakudziwa kale, ngakhale thobwa likagonera limayamba kuluma choncho. Bambo a akazi anuwo ngati anakulira kumudzi mwina aukonda kuposa inu.

Angoni_a_ku_Brussels:
Achemwali mwalasa, kungoti tisiyanitse pang'ono. Kuwawasa kwa masese kwambiri kumachokera ku mabakiteriya omwe amasasitsanso chambiko, Brett payekha sawawasa kwenikweni, iye ntchito yake ndi fungo ndi kuumitsa. Koma zomwe mukunenazo zikufanana kwambiri ndi mowa wa kuno wotchedwa lambic. Ku Cantillon, malo ophikira mowawu ku Anderlecht kuno ku Brussels, akhala akuphika kuyambira 1900, madzi a chimera owira aja amawathira mu chibeseni chachikulu cha kopa chosavindikira kudenga kwa nyumba, amagona usiku wonse mphepo ikulowa, zomwe zagweramo ndi zomwezo, kenako mu migolo mpaka zaka zitatu. Amaphika nyengo yozizira yokha. Ndinapitako kawiri, akangaude ali mbwee ndipo sawapha chifukwa amagwira tintchentche. Hops wawo nthawi zambiri amakhala wakale wotha fungo, amangofuna ateteze mowa usawole, ndiye wanuwo achimwene wa hops wambiri ndi kaphikidwe kena, kakufanana kwambiri ndi Orval.

Mjomba_wa_Ndirande:
Ine ndine wa Green basi ndipo sindibisa, mapaundi 14 botolo limodzi kwa ine ndi zambiri. Koma chimodzi ndikuwonjezereni, yemwe anamupatsa dzina Brett wanuyo anali wasayansi wa ku Carlsberg ku Copenhagen, Claussen, mu 1904, anamupeza mu mowa wakale wa ku England ndipo dzinalo limatanthauza bowa wa ku Britain. Kampani yomweyo ndi yomwe inadzatsekula fakitale ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark. Ndiye mphwanga uli ku Leeds yisitiyo ali kwawo.

Koma ndisakunamize, si mowa uliwonse wonunkha omwe uli bwino, anthu asamabisale kumbuyo kwa dzina. Ukamva viniga weniweni wolasa mphuno, kapena fungo la mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo aja, kapena katoni yonyowa, pamenepo mpweya unalowa kwambiri ndipo ukhoza kubweza osachita manyazi. Zomwe wafotokozazi sindinamvepo zimenezo.

Angoni_a_ku_Brussels:
Zoona amjomba. China achimwene, mwina munamwa wozizira kwambiri. Botolo lachiwirilo liyimitseni chilili mu filiji masiku awiri kuti nsenga zikhale pansi, mulitulutse mphindi 30 musanatsekule, lifike madigiri 12 kapena 14, tambula ikhale yotakasuka kukamwa, muthire pang'onopang'ono ndipo chala chimodzi cha pansicho musiye mu botolo. Mudikire kaye mphindi zisanu fungo lamphamvulo limatsika. Pambali pakhale chakudya chamafuta, tchizi kapena nyama ya nkhumba yootcha, kuumako kumatsuka mkamwa bwino kwambiri.

Chikondi_Leeds:
Zikomo nonse, mtima wakhala pansi. Viniga munalibe, katoni munalibenso. Theka lomwe linatsala dzulo ndinatseka ndi kusiya mu filiji, ndalitulutsa madzulo ano ndadikira monga mwanenera, mpweya wachepa koma chinanazi chija chabwera patsogolo ndipo ndamvamo ka vinyo ka mgolo komwe dzulo sindinakamve, khola lilipobe koma chapatali. Linalo ndasunga, Lachisanu ndikagula nkhumba ndi Orval awiri ngati ndipeze a masiku osiyana. Anabanda, madalawo kwawo ndi ku Dedza ndipo mayi awo ankaphika masese, ndidzawafunsa za mbiya ija akadzalawa.