Mwana wanga akagonetsedwa ndi mankhwala opuma: kodi adzadzuka bwino?

Make Tadala, Bembeke

Moni nonse. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 4 ali ndi chotupa m'mphechepeche chimene chimatuluka akamalira n'kubwerera akagona, ndipo adokotala atamuyeza anati ndi hernia, yoti achitidwe opaleshoni Lachiwiri likubwerali. Anandifotokozera kuti adzamuveka kachipangizo kophimba mphuno ndi pakamwa kuti apume mpweya wa mankhwala mpaka agone. Vuto lili kunyumba. Apongozi anga akuti mpweya umenewo ndi umene umachititsa anthu kutsakamira kufiyeta osadzukanso, ndipo akuti ngakhale atadzuka, mutu wake sudzagwira bwino kusukulu. Andiuzanso kuti m'mawa wa tsikulo ndidzamumwetse kaphala mobisa, chifukwa mwana sangalimbane ndi mpeni ali ndi njala. Inu amene mukudziwa za mankhwalawa, ndithandizeni, chifukwa tulo sindikupeza.

Wogonetsa odwala, Ntcheu

Mayi, ndiyambe ndi kaphalako, chifukwa pa zonse zimene mwanenazi ndi kamene kangaike kwambiri moyo wa mwana pachiswe. Munthu akagonetsedwa, thupi limasiya kudziteteza monga limachitira ali maso: sakhosomola, sameza, ndipo ngati m'mimba muli chakudya chikhoza kubwerera kukhosi n'kulowa m'mapapo. N'chifukwa chake timanena kuti chakudya, phala ndi mkaka asiye maola 6 nthawi ya opaleshoni isanakwane, bere asiye maola 4 ngati ndi woyamwa, ndipo madzi akumwa okha asiye maola 2. Tsatirani maola amene akupatseni kuwodi, ndipo ngati mwana watola kanthu n'kudya inu musakuona, mukanene mosaopa kukalipiridwa. Tidzangosuntha nthawi.

Mpweyawo si wachilendo. Kugonetsa munthu pomupumitsa mankhwala kunaonetsedwa poyera pa 16 October 1846 ku Boston, ku America, pamene William Morton anagwiritsa ntchito mankhwala otchedwa ether. Halothane, amene ambiri a ife tinaphunzirira ntchito, anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1956, ndipo pambuyo pake kunabwera isoflurane ndi sevoflurane. Onsewa amabwera m'mabotolo ali amadzi, n'kuthiridwa m'kachitini ka pamakina kamene kamawasandutsa nthunzi, ndipo kachitini ka mankhwala aliwonse kali ndi mtundu wake kuti tisasokoneze: kofiira ndi ka halothane, kapepo ndi ka isoflurane, kachikasu ndi ka sevoflurane. Mlingo wake ndi wochepa kwambiri, nthawi zambiri gawo limodzi kapena awiri pa magawo 100 a mpweya umene wodwala akupuma, ndipo timawonjezera kapena kuchepetsa potembenuza kagudumu. Tikatseka, mbali yaikulu ya mankhwalawo imatuluka ndi mpweya umene mwana akupuma, n'kuyamba kutsitsimuka.

Kunena kuti palibe choopsa kungakhale kukunamizani. Mankhwalawa amafooketsa kapumidwe ndi kutsitsa kuthamanga kwa magazi, ndipo halothane amatha kuchedwetsa mtima wa mwana. Ichi n'chifukwa chake wogonetsa sachoka kumutu kwa wodwala kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pachala cha mwana timapanapo kachipangizo kowala mofiira kamene kamayeza okosijeni m'magazi, ndipo kamalira motsatira kugunda kwa mtima. Okosijeni akamatsika, kaliridwe kake kamatsikanso, moti khutu limamva vuto maso asanaone nambala.

Za mutu wa mwana, kafukufuku wotchedwa GAS, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2019, anatsatira makanda 722 ochitidwa opaleshoni ya hernia yomweyi. Ena anagonetsedwa ndi sevoflurane kwa nthawi yosakwana ola limodzi, ena anabayidwa mankhwala a dzanzi kumsana, ndipo atafika zaka 5 nzeru zawo sizinasiyane.

NaJere, Lizulu

Amayi anzanga, zimene anena adokotalazi ine ndinaziona ndi maso. Wanga anali ndi zaka 3, ndipo atalira njala usiku wonse mtima unandipweteka, ndinamupatsa theka la nthochi m'bandakucha n'kukhala chete. Titafika pakhomo la fiyeta anandifunsa kawiri ngati wadya, ndipo kachiwiriko ndinaulula. Anatibweza, tinakhala tsiku lina lathunthu m'chipatala, ndalama ya gadiyani n'kutha. Panthawiyo ndinakwiya, koma nesi atandifotokozera za mapapo, mkwiyo unasanduka manyazi.

Chimene sanandiuze n'chakuti mwana podzuka akhoza kulusa. Wanga anadzuka akulira, akuponya miyendo, akufuna kuzula dilipi, ndipo sanandizindikire kwa kanthawi, moti ndinkaganiza kuti zimene amanena anthu zija zachitika. Kenako anagonanso, n'kudzuka akufunsa tiyi. Mutengenso bulangete lochindikala, poti kuzizira kwa kwanuko mukukudziwa, ndipo mwana wochokera kufiyeta amanjenjemera ngakhale kunja kuli dzuwa.

Bambo Maseko, Mtakataka

Ndifunse nawo, adokotala. Mchimwene wanga anachitidwa maopaleshoni awiri motsatizana zaka zambiri zapitazo, ndipo patapita masiku angapo maso ake anachita chikasu. Ena anatiuza kuti ndi mankhwala ogonetsa aja. Kodi zimenezi zimachitikadi, ndipo kodi zimayenda m'magazi moti ana athu aziopa?

Wogonetsa odwala, Ntcheu

Bambo Maseko, chikasu chobwera pambuyo pa opaleshoni chili ndi zifukwa zingapo, monga malungo, kuikidwa magazi kapena matenda a chiwindi amene analipo kale, kotero sindingagamule za mchimwene wanu ndili kuno. Komabe n'zoona kuti halothane amatha kutupitsa chiwindi mwa anthu ochepa kwambiri, makamaka akuluakulu amene apatsidwa mankhwalawa kawiri m'nthawi yochepa, ndipo n'chifukwa chake timapewa kuwabwereza miyezi 3 isanathe. Mwa ana zimenezi sizichitikachitika poyerekeza ndi mwa akulu. Munthu amene anachitapo chikasu atagonetsedwa azinena nthawi zonse, ndipo zilembedwe m'kabuku kake ka kuchipatala.

Limene limayendadi m'banja ndi vuto lina, lotchedwa malignant hyperthermia. Munthu wobadwa nalo amakhala bwinobwino mpaka tsiku limene wapuma mankhwalawa, pamene minofu imauma, mtima umathamanga ndipo thupi limatentha mofulumira modetsa nkhawa. Mankhwala ake ndi dantrolene, amene sapezeka paliponse, choncho chitetezo chenicheni ndi kudziwiratu. Tikamva kuti pa mtundu wanu wina anamwalira kapena anatentha thupi mosadziwika bwino ali kufiyeta, mpweya uja sitiutsegula n'komwe, timagwiritsa ntchito mankhwala a mumtsempha monga ketamine kapena propofol. Make Tadala, funsani mbali zonse ziwiri, kwanu ndi kuchimuna, ndipo apongozi anuwo ndi amene angadziwe bwino mbiri ya kwawo. Munenenso ngati mwana akumwa mankhwala aliwonse, kuphatikizapo azitsamba.

Make Tadala, Bembeke

Zikomo kwambiri nonse. Apongozi ndawawerengera zonsezi, ndipo za phala asiya, ngakhale akuti adzapita nawo kuti akaone okha. Akuti kwawo palibe amene anavutikapo kufiyeta. Koma kuyambira dzulo mwanayu wayamba kachimfine ndi kukhosomola pang'ono. Kodi ndikanene, kapena adzangotibweza pachabe?

Wogonetsa odwala, Ntcheu

Mukanene, mayi, ndipo musadikire Lachiwiri. Chimfine chimachititsa kuti njira ya mpweya ya mwana ikhale yosachedwa kutsekeka akapuma mankhwalawa. Ngati ndi mamina oyera okha, thupi silikutentha ndipo akusewera, kawirikawiri timapitiriza, koma ngati akutentha thupi, akutulutsa makhololo kapena pachifuwa pakulira, timadikira masabata angapo. Pamene mukudikirapo, chotupa chija chikauma, n'kukana kubwerera, mwana n'kumasanza kapena kulira ndi ululu, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku, ndipo panjira musamupatse chakudya.