Ziwerengero za malonda a America ndi China zandiimitsa mutu

Moni nonse akuluakulu. Ndithandizeni pa ziwerengero za malonda a katundu pakati pa America ndi China.

Mu 2018, US Census Bureau, bungwe la boma la America loona za ziwerengero, inati katundu amene America inagula ku China anaposa amene inagulitsa kumeneko ndi madola pafupifupi 419 biliyoni, pomwe a kasitomu a ku China anati 323 biliyoni. Apa sipanandivute: katundu wodzera ku Hong Kong, America imamulemba kuti ndi wa China, koma China imalemba kuti wapita ku Hong Kong. Ndayesanso kuchotsa mtengo wa sitima ndi inshuwalansi umene China imaphatikiza pa katundu wolowa.

Pamene pandikanika ndi 2020. Zinthu zinatembenuka, China inati pafupifupi 317 biliyoni, America 310 biliyoni. Nkhani ya Hong Kong siingafotokoze zimenezi ayi.

Ine ndikukayikira msonkho wa 25 peresenti umene America inayamba kulipiritsa pa katundu wina wochokera ku China mu July 2018, kuti oitanitsa katundu ku America anayamba kutchula mitengo yotsika kuti auzembe. Nanga timaphukusi tosapitirira madola 800, tomwe tinkalowa popanda msonkho, America inkatiwerengera? Amene munagwirapo ziwerengerozi, mumazilinganiza bwanji, ndipo ndidalire za mbali iti?