Holo yathu: za zitsulo zowonjezera ndi malo omangapo

Wapampando: Moni nonse abale ndi alongo. Pulani ya holo yabwera kuchokera kwa injiniya, ndaiika pamwambapo. Wasintha zinthu ziwiri. Choyamba akuti tisamange kumunsi kufupi ndi dambo kumene amfumu anatipatsa kuja, tikwere kumtunda kuseri kwa sukulu. Chachiwiri wawonjezera mapilala a konkire m'makona ndi pakati pa makoma aatali, ring beam (lamba wa konkire ndi zitsulo wa pamwamba pa makoma) yozungulira nyumba yonse, komanso waya wa brick force m'mizere ya njerwa. Chifukwa chake akuti chivomerezi. Tikambirane mwaulemu, akufuna yankho Loweruka.

Msungichuma: Zikomo a Wapampando. Ine ndanena kale ku komiti, pano ndibwereza. Zitsulo ndi simenti zowonjezerazo zikudya ndalama zonse zimene tinasungira mazenera ndi zitseko. Ndiye tikhale ndi holo yolimba koma yapululu, mbuzi zizigonamo? Chibadwire changa chivomerezi chimene ndimachidziwa kwathu ndi chongogwedeza mbale pa shelefu, anthu n'kuseka, basi.

Achimwene a ku Joni: Ndili mbali ya amayi. Kuno ku Johannesburg pansi pamanjenjemera nthawi zina koma amati ndi migodi. Kwathu kuli mgodi wanji? Mainjiniya ena amangokopera mapulani a ku Japan.

Aphunzitsi opuma: Achimwene, pepani, pamenepo ndikutsutsani. Kwathu sitifunika mgodi kuti pansi pagwedezeke. Nyanja imene timasambamo ija ilipo chifukwa dziko likung'ambika. Chikhungwa cha dziko lapansi si chimodzi chathunthu, chinagawikana m'zibenthu zikuluzikulu zimene akatswiri amazitcha mapuleti, ndipo zimayenda. Africa yemweyu akugawikana: kumadzulo kuli puleti ya Nubia, kum'mawa ya Somalia, ndipo pakati pake pali tizibenthu ting'onoting'ono, kena n'kotchedwa Rovuma, kamene kali kutsidya kwa nyanja yathu. Mzere wong'ambikawo ukuchokera ku Afar ku Ethiopia, n'kutsika mpaka ku Mozambique. Pamene nthaka yatambasuka, pakati pamatitimira, madzi n'kudzazamo. N'chifukwa chake nyanja ya Malawi ndi yakuya pafupifupi mamita 700, pamene m'mbali mwake muli zitunda zoima njoo, monga mapiri a Livingstone kutsidya ku Tanzania. Akasupe a madzi otentha a ku Chiweta ndi ku Nkhotakota nawonso amatulukira m'ming'alu yomweyo.

Achimwene a ku Joni: Aphunzitsi mwayambapo phunziro la Fomu 3. Chabwino, ngati dziko likung'ambika bwanji sitikuona?

Aphunzitsi opuma: Chifukwa kuno likutambasuka mamilimita ochepa chabe pa chaka, awiri kapena atatu. Koma musasangalale nazo. Miyala ya mbali ziwiri za mng'alu siitsetsereka pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku ayi, imakanirirana. Mapuleti akupitirizabe kukoka, miyala yagwirana, mphamvu ikuunjikana zaka mazanamazana, penanso masauzande. Tsiku limene miyalayo yalephera kupirira, imaphonyoka kamodzi n'kamodzi m'masekondi ochepa, ndipo chimenecho ndiye chivomerezi. Ndiye mawu a amayi akuti chibadwire sanachione chachikulu ndi oona, koma moyo wa munthu mmodzi ndi waufupi kwambiri kuti tiyezere mng'alu.

Anesi: Ndilowererepo. Ine mu Disembala 2009 ndinkagwira ntchito kumpoto. Ku Karonga sichinabwere kamodzi. Chinayamba pa 6 Disembala, china pa 8, n'kumapitirira choncho mpaka chachikulu cha pa 19 chimene chinafika 6.0 pa sikelo yoyezera mphamvu ya zivomerezi, ndipo chinabwera usiku. Anthu anayi anamwalira, ovulala mazana, nyumba zambirimbiri zinagwa kapena kung'aluka. Anthu ankagona panja m'nyengo ya mvula poopa makoma awo omwe. Amene tinkawamanga mabala ambiri anali ogweredwa njerwa. Palibe amene ndinamuona atamezedwa ndi nthaka ngati mmene anthu amakambira.

Aphunzitsi opuma: Ndipo achikulire akukumbukira cha ku Salima cha pa 10 Malichi 1989. Chinapitirira 6, chinapha anthu 9, ena pafupifupi 50,000 anasowa pokhala. Tikapita kwa oyandikana nawo, ku Machaze ku Mozambique mu Febuluwale 2006 chinafika 7.0, ndipo kufupi ndi nyanja ya Rukwa ku Tanzania mu 1910 chinapitirira 7. Zonsezo n'za m'chigwa chimodzi chomwechi.

Msungichuma: 6 ndi 7 n'zoyandikana aphunzitsi, mukutiopseza ndi nambala imodzi?

Mphwanu wa ku yunivesite: Amayi, ndiyankheko ngakhale ndine mwana. Sikelo imeneyi siiwerengedwa ngati makilogalamu. Mukakwera ndi nambala imodzi, mphamvu yotuluka imachuluka pafupifupi ka 32. Mukakwera ndi ziwiri, pafupifupi ka 1,000. Ndiye cha ku Machaze chija chinali ngati zivomerezi za ku Karonga zoposa 30 zitaphatikizana. Komanso pali mng'alu wa Bilila-Mtakataka umene ukudutsa m'tsinde mwa mapiri a Dedza ndi Ntcheu, wotalika pafupifupi makilomita 100. Chiphompho chake chimaoneka ndi maso. Akatswiri amene anauyeza amati ukadzaphonyoka wonse ungabweretse choposa 7. Kum'mwera kulinso ming'alu ya Thyolo ndi Zomba.

Gogo wa gulu: Ana inu, kale zikachitika zotere tinkati Napolo wadutsa.

Mphwanu wa ku yunivesite: Agogo, za Napolo zija, monga za ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991, ndi phiri logumuka chifukwa cha mvula yambiri, matope ndi miyala n'kutsika ndi madzi. Zimenezo zimachitikira pamwamba. Chivomerezi chimayambira makilomita angapo pansi, mvula igwe kapena isagwe.

Achimwene a ku Joni: Funso langa lenileni ndi ili, ndipo sindikunyoza. Za pansi pa dzikozi anakaziona ndani? Ife kuno anzathu amatsika mumgodi makilomita atatu, anayi, n'kumati kukutentha kosapiririka. Ndiye wina azitiuza za mapuleti oyenda?

Mphwanu wa ku yunivesite: Palibe anakafikako achimwene. Dzenje lakuya kwambiri limene anthu anaboola lili ku Kola ku Russia, linangopitirira pang'ono makilomita 12, pamene kukafika pakati penipeni pa dziko ndi makilomita oposa 6,300. Chimene chinatiuza za m'katimo ndi zivomerezi zomwezi. Chikachitika chimatumiza mafunde amene amadutsa m'dziko lonse, makina a m'mayiko akutali n'kuwajambula. Pali mafunde a P, othamanga, amene amakankha ndi kukoka, ndipo amadutsa m'mwala ngakhalenso m'zamadzimadzi. Pali a S, ochedwerapo, amene amagwedeza cham'mbali, ndipo m'zamadzimadzi sadutsamo. Akatswiri ataona kuti mafunde a S safika mbali ina ya dziko, anadziwa kuti pa makilomita pafupifupi 2,900 pansi pali chitsulo chosungunuka. Mu 1936 mayi wina wa ku Denmark, Inge Lehmann, anaona timafunde ta P tikutulukira kumene sitimayenera kufika, n'kuzindikira kuti m'kati mwa chosungunukacho mulinso phata lina, limene pano tikudziwa kuti ndi lolimba. Pakati pa chitsulocho ndi chikhungwa chimene tapondachi pali mantle. Anthu ambiri amaganiza kuti ndi chiphalaphala, koma ndi mwala wolimba, kungoti ndi wotentha kwambiri moti umayenda pang'onopang'ono pa zaka mamiliyoni, mapuleti ali pamwamba pake. Ndipo kuyenda kwa mapuletiko masiku ano amachita kuyeza ndi GPS.

Ndatchula mafundewa dala. Khoma la njerwa limatha kusenza katundu wolemera wochokera pamwamba, koma silinapangidwire kukankhidwa cham'mbali. Mafunde a S ndi ena oyenda pamwamba pa nthaka amaligwedeza mbali imene ndi lofooka.

Amalume amisiri: Apo mwanayu wanena za ntchito yanga. Ndakhala chete ndikuwerenga. Nyumba zathu zambiri zimayambira kugonja m'makona, chifukwa makoma awiri amangogundana osalumana bwino, kenako pamwamba pa mazenera, kenako gebulo (khoma la nsonga lija la kumapeto kwa denga), chifukwa ndi njerwa zambiri zoima pamwamba popanda chozigwira. Holo ndiye yoopsa kuposa nyumba yogona. Nyumba ili ndi zipinda, makoma a m'kati amachirikiza akunja. Holo ndi khoma lalitali lokhalokha, m'kati muli anthu mazana. Ring beam ili ngati mkombero wa lichero: uchotseni muone ngati nsungwi zija zigwirane. Koma ndichenjeze, ring beam yongopaka dzina ndi kutaya ndalama. Zitsulo zizipindika m'makona n'kulowerana, osati kuthera pakona pomwepo. Maringi, timawaya tomanga zitsulozo pamodzi, asatalikirane. Mchenga ukhale wotsuka, wopanda dothi, kwale wabwino, ndipo konkire azithiriridwa madzi kwa sabata yathunthu. Ndaona anthu akuumba lero mawa n'kukweza njerwa.

Msungichuma: Amalume ndakumvani. Koma tinene zoona, chimene chimatisautsa chaka ndi chaka ndi mphepo ndi madzi. Freddy wa 2023 sitinamuiwale. Ine ndikanakonda ndalama ipite ku denga lolimba kusiyana n'kudikira chinthu chimene mwina chidzabwera zidzukulu zathu zitakalamba.

Amalume amisiri: Alongo, denga lolimbalo mulimangirira pa chiyani? Waya wogwira mitengo ya denga amamizidwa mu ring beam momwemo. Popanda iyo mphepo imanyamula malata pamodzi ndi mizere iwiri ya njerwa. Mukulipira kamodzi, mukutchinga mavuto awiri.

Msungichuma: Imeneyo ndiye mfundo yomveka. Mukanayamba nayo.

Wapampando: Nanga za malo? Zimenezi n'zimene zikundisowetsa tulo. Amfumu anapereka malo a kumunsi ndi mtima wonse, mjigo uli pafupi, galimoto ya mchenga imafika mosavuta. Kumtunda tidzafunika kusalaza ndi kutunga madzi patali.

Mphwanu wa ku yunivesite: Bambo Wapampando, nthaka yofewa ya m'dambo imakulitsa kugwedezeka, ndipo imagwedezeka nthawi yaitali kuposa ya pamwala. Mu 1985 mzinda wa Mexico City unawonongeka kwambiri ndi chivomerezi chimene chinayambira makilomita oposa 300 kutali, chifukwa mbali ya mzindawo inamangidwa pa matope a nyanja yakale. Ndipo mchenga wodzaza madzi ukagwedezeka umatha kutaya mphamvu n'kukhala ngati wamadzi, maziko n'kutitimira. Ku Karonga mu 2009 zinaoneka m'malo a m'chigwa, mchenga ndi madzi zikutuluka m'ming'alu. Pamenepo ngakhale muike zitsulo zochuluka bwanji, nyumba imapendekeka yonse.

Gogo wa gulu: Kumunsi kuja ngakhale makolo athu sankamangako, ankangodzalako mpunga. Amfumu ndikalankhula nawo ndine, musatumeko achinyamata ndi mapepala.

Achimwene a ku Joni: Bwanji tingofunsa a Geological Survey, nthambi ya boma yoona za miyala ndi nthaka, ku Zomba atiuze ngati chikubwera posachedwa? Akati palibe, timange mwachangu.

Aphunzitsi opuma: Angatiuze kumene kuli ming'alu ndi zimene makina awo akujambula, ndipo kuwalembera n'kwabwino. Koma tsiku palibe angalitchule, ku Zomba, ku Japan kapena ku America. Taonani za 2010. Ku Haiti mu Januwale chinafika 7.0, anthu oposa 100,000 anafa. Mwezi wotsatira ku Chile chinafika 8.8, champhamvu kuposa cha ku Haiti maulendo mazana, koma omwalira anali mazana asanu ndi kanthu. Zifukwa zilipo zingapo, koma chachikulu n'chakuti ku Chile ali ndi malamulo a kamangidwe ndipo amawatsatira. Onsewo palibe anauzidwiratu tsiku.

Msungichuma: Chabwino, zitsulo ndavomera, koma ndalama sizinachuluke chifukwa ndavomera. Njira zilipo ziwiri. Tidule holoyo mamita anayi m'litali n'kusiya kaye siteji, mazenera alowe chaka chino. Kapena tisunge kukula kwake, tifolere, tidikire zopereka za chaka chamawa kuti titseke.

Achimwene a ku Joni: Kudula ayi. Ukwati umodzi wokha anthu adzakhala panja. Ife akunja tiwonjezerapo, ndilankhula ndi anzanga kuno.

Msungichuma: Achimwene, zowonjezera za mjigo zija tikudikirabe.

Amalume amisiri: Mukasankha kudula, muuzeni injiniya asiye zitsulo zotulukira kumapeto kuti podzakulitsa tidzalumikize bwino. Ndipo gebulo ndikupempha ikhale ya malata kapena matabwa, osati njerwa mpaka kunsonga.

Mlembi: Ndalemba motere: mapilala, ring beam ndi brick force tagwirizana. Za malo tidikira agogo akaonane ndi amfumu Lachinayi. Za kudula kapena kudikira tivota pano Lachisanu kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, ovota ndi okhawo amene ali m'buku la zopereka. Amalume, tumizani muyezo wa gebulo ya malata ndiuphatikize ku kalata ya injiniya.